Gerrymandering: pamene andale asankha okha anthu oti awavotere

Mu Ogasiti 2025, aphungu oposa 50 a chipani cha Democratic m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Texas ku America analongedza zikwama n'kutuluka m'chigawocho, ambiri mwa iwo kulowera ku Illinois. Cholinga chawo chinali choti m'nyumbamo musakhale aphungu okwanira kuti zokambirana zipitirire. Chomwe ankakana ndi mapu atsopano a madera a aphungu omwe a chipani cha Republican anabweretsa, mapu okonzedwa kuti chipanicho chiwonjezere mipando isanu m'nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington. Patatha pafupifupi milungu iwiri anabwerera, mapuwo n'kudutsa. Nako ku California, komwe a Democratic ndiwo ali ndi mphamvu, anabwezera: pa 4 Novembala 2025 anthu anavomereza pa referendamu mapu ena ofuna kupatsa a Democratic mipando isanu yowonjezera.

M'nkhani zonsezi, pa wailesi ndi pa intaneti, mawu amodzi ankangobwerezedwa: gerrymandering. Ndi mawu oti ngakhale amene anaphunzira Chingerezi mpaka ku yunivesite amayamba aima kaye akakumana nawo. Sapezeka m'macheza a tsiku ndi tsiku, kalembedwe kake n'kachilendo, ndipo simungawaphwanye kuti mupeze tanthauzo monga muchitira ndi mawu ena ochokera ku Chilatini. Kuti muwamvetse muyenera kudziwa mbiri ya munthu mmodzi ndi chithunzi chimodzi.

Tanthauzo lake

Gerrymandering ndi kudula malire a madera a chisankho mwadala, m'njira yoti chipani china, gulu lina la anthu kapena phungu amene ali kale pampando apindule. Mawu ofunika kwambiri pamenepa ndi oti mwadala. Malire amadulidwa m'dziko lililonse lomwe dera limodzi limasankha phungu mmodzi, ndipo ayenera kumadulidwanso nthawi ndi nthawi chifukwa anthu amabadwa, amamwalira, amasamuka. Ntchito wamba imeneyi Amereka amaitcha redistricting, pomwe maiko ambiri omwe ankalamulidwa ndi Britain amati delimitation kapena demarcation. Ikasanduka gerrymandering ndiye kuti wogwira cholembera anayamba wadzifunsa kuti ndani apambane, kenako n'kujambula mzere wopereka yankho lomwe akufuna.

Chodabwitsa n'choti palibe voti yomwe imabedwa. Bokosi silitsegulidwa usiku, palibe wakufa yemwe amavota, kuwerenga kumayenda bwinobwino pamaso pa oyang'anira. Aliyense amaponya voti yake ndipo imawerengedwa. Koma zotsatira zimakhala zitakonzedwa kale miyezi kapena zaka m'mbuyomo, pa tebulo pomwe panayalidwa mapu. N'chifukwa chake m'maiko ambiri mchitidwewu suli m'gulu la milandu yobera chisankho, ngakhale ambiri amauona kuti ndi wachinyengo.

M'Chingerezi mawuwa amagwira ntchito ngati dzina komanso ngati mneni. Mapu okhotetsedwawo ndi a gerrymander, kuwakhotetsako ndi to gerrymander, ndipo dera lomwe lachitidwa zimenezi amati gerrymandered district. Pafupifupi nthawi zonse ndi mawu odzudzula. Kawirikawiri wandale saimirira pagulu n'kunena kuti chomwe akuchita ndi chimenechi. Iye amati akukonzanso malire, otsutsana naye ndiwo amatchula dzina linalo. Choncho mukawawerenga m'nyuzipepala, ndi bwino kuyang'ana kuti akuwalankhula ndani. Masiku ano ena amawagwiritsanso ntchito kunja kwa chisankho, monga podandaula za malire a madera omwe ana ake amaloledwa kulowa sukulu inayake, koma kwawo kwenikweni ndi ku ndale.

Gavanala Gerry ndi chilombo cha m'nyuzipepala

Elbridge Gerry anabadwa mu 1744 ku Marblehead, m'chigawo cha Massachusetts. Sanali munthu wamba m'mbiri ya America. Anasaina nawo chikalata cholengeza ufulu wodzilamulira cha 1776, anakhala nawo pa msonkhano wolemba malamulo oyendetsera dziko mu 1787, ndipo anali mmodzi mwa atatu omwe anakana kusaina malamulowo, mwa zina chifukwa munalibe ndime zoteteza ufulu wa munthu aliyense payekha. Mu 1810 anasankhidwa kukhala gavanala wa Massachusetts.

Nthawi imeneyo zipani zazikulu zinali ziwiri, cha Federalist ndi cha Democratic-Republican, chomwe chinali cha Gerry. Aphungu a chipani chake anakonza mapu atsopano a madera osankhira maseneta a chigawocho, ndipo iye anasaina lamulolo mu Febuluwale 1812. Dera limodzi, m'boma la Essex kumpoto kwa Boston, linatuluka lokhota modabwitsa: linali ngati lamba wopyapyala wozungulira m'mphepete mwa bomalo, wotolera matauni omwe ankakonda chipani cha gavanala n'kusiya a Federalist ataunjikana pakati.

Pa 26 Malichi 1812 nyuzipepala ya Boston Gazette, yomwe inkakometsa a Federalist, inasindikiza mapu a deralo atawajambulira mutu, mano, mapiko ndi zikhadabo. Anati likufanana ndi salamander, kanyama kooneka ngati buluzi kokhala m'malo achinyontho, komwe m'nthano zakale za ku Ulaya ankati sikapsa ndi moto. Anatenga dzina la gavanala n'kulumikiza ndi mchira wa dzina la kanyamako, n'kutuluka Gerry-mander.

Mapuwo anagwiradi ntchito yake. Pa chisankho cha chaka chomwecho a Federalist anapeza mavoti ochulukirapo pang'ono m'chigawo chonse, koma mipando ya maseneta anapeza 11 yokha pomwe anzawo anatenga 29. Gerry mwiniwake anagonja pa mpando wa ugavanala, poti mpando umenewo umavoteredwa ndi chigawo chonse ndipo palibe malire oti n'kukhotetsa. Sanathere pomwepo: anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa pulezidenti James Madison, ndipo anamwalira ali paudindowo mu Novembala 1814. Akatswiri a mbiri amanena kuti iye sanakondwe nawo mapuwo ngakhale anawasaina. Ndimaona kuti n'zomvetsa chisoni kuti munthu yemwe anakana kusaina malamulo a dziko pofuna kuteteza ufulu wa anthu, lero akukumbukiridwa ndi siginecha inayo.

Pa katchulidwe pali kanthu kena. Dzina la Gerry linkatchulidwa ndi g wa mu mawu oti galu. Koma mawu obadwa ku dzinalo anthu ambiri lero amawayamba ndi j wa mu mawu oti jekete, ndipo madikishonale amavomereza katchulidwe konse kuwiri. Mukamva mtolankhani akuti jerimandaring'i, sanalakwitse.

Kuunjika ndi kumwaza

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ndi bwino kuyendapo pang'onopang'ono. Odula malire mwachinyengo ali ndi zida ziwiri zikuluzikulu, zomwe Angerezi amazitcha packing ndi cracking. Choyamba ndi kuunjika ovotera chipani chotsutsa m'madera ochepa, kuti apambane kumeneko ndi mavoti ochuluka kwambiri osowa nawo ntchito. Chachiwiri ndi kumwaza otsalawo m'madera ambiri, kuti kulikonse akhale ochepa moti sangapambane. Zili ngati mchere wokwanira miphika isanu ya ndiwo: mukauthira wambiri mu mphika umodzi, wotsalawo n'kuuwaza pang'onopang'ono m'miphika inayi, mphika umodzi uwawa mchere pomwe inayo sukolera n'komwe, chonsecho mcherewo unali wokwanira.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti zioneke bwino. Tauni ili ndi ovota 50, ndipo iyenera kugawidwa m'madera asanu a anthu 10 lililonse. Ovota 30 amakonda chipani cha Dzuwa, 20 amakonda chipani cha Mwezi. Mwachilungamo cha pamtima, munthu angayembekezere kuti Dzuwa lipeza mipando itatu, Mwezi iwiri.

Tsopano cholembera chikhale m'manja mwa a Dzuwa. Akonza kuti dera lililonse likhale ndi anthu awo 6 ndi a Mwezi 4. Apambana madera onse asanu, ndipo anthu 20 aja atsala opanda phungu ndi mmodzi yemwe. Kumeneku ndiye kumwaza.

Cholembera chipite kwa a Mwezi, omwe ndi ochepa. Iwo apanga madera awiri okhala ndi a Dzuwa 9 ndi wa Mwezi mmodzi lililonse. Pamenepo a Dzuwa 18 atsekeredwa m'madera awiri. Otsala ndi a Dzuwa 12 ndi a Mwezi 18, omwe agawidwa m'madera atatu, lililonse a Mwezi 6 ndi a Dzuwa 4. Zotsatira: Mwezi mipando itatu, Dzuwa iwiri. Ochepa alamulira ochuluka, madera onse ndi ofanana kukula, ndipo palibe amene wasintha maganizo ake pa voti.

Mu 1812 ntchitoyi inkachitika ndi pensulo komanso kungodziwa kuti tauni yakuti imakonda chipani chakuti. Lero imachitika pa kompyuta. Odula malire amakhala ndi zotsatira za zisankho zam'mbuyo za malo aliwonse oponyera voti, pamodzi ndi zomwe kalembera anapeza za msewu uliwonse, ndipo pulogalamu imawauza nthawi yomweyo zomwe zingachitike akasuntha mzere kudutsa nyumba zingapo. Chifukwa cha zimenezi mapu okhotetsedwa amasiku ano sachita kuoneka ngati chilombo. Akhoza kukhala aukhondo m'maso, zoipa zake zitabisala m'manambala.

Mchitidwewu ulinso ndi ngozi kwa mwini wake. Kuti mupambane madera ambiri muyenera kumwaza anthu anu omwe, n'kumapambana kulikonse ndi mavoti ochepa. Mphepo ya ndale ikatembenuka pang'ono, madera onsewo amagwa pamodzi. Akatswiri a ndale ku America anapatsa mapu obwerera mwini oterewa dzina lakelake, dummymander.

Zofanana nazo koma zosiyana

Pali vuto lina lomwe anthu amalisokoneza ndi gerrymandering, lomwe dzina lake ndi malapportionment. Uku ndi kukhala ndi madera osiyana kwambiri chiwerengero cha anthu, moti voti ya munthu wa dera laling'ono imalemera kuposa ya munthu wa dera lalikulu. Apa mzere sufunika kukhota. Nthawi zambiri vutoli limabwera chifukwa chongosiya malire akale osawakhudza pomwe anthu asamukira m'mizinda.

Chitsanzo chotchuka ndi cha ku England chaka cha 1832 chisanafike. Malo otchedwa Old Sarum, phiri lomwe tauni yake inasamuka kalekale, ankatumizabe aphungu awiri ku nyumba ya malamulo, osankhidwa ndi anthu owerengeka pa zala. Dunwich, tauni yomwe mbali yake yaikulu inamira m'nyanja, nayonso inali ndi aphungu awiri. Pomwe Manchester ndi Birmingham, mizinda ya mafakitale yodzaza ndi anthu, inalibe aphungu akeake. Lamulo la 1832 ndi lomwe linayamba kukonza zimenezi.

Ku America vutoli linakhalapo mpaka m'zaka za m'ma 1960. Zigawo za Tennessee ndi Alabama zinali zisanadulenso malire kuchokera mu 1901. Khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Baker v. Carr mu 1962, linati makhoti ali ndi mphamvu yomva madandaulo otere, ndipo pa mlandu wa Reynolds v. Sims mu 1964 linalamula kuti madera akhale ndi anthu ofanana chiwerengero. Mkulu wa oweruza, Earl Warren, analemba kuti aphungu amaimira anthu, osati mitengo kapena maekala.

Kufupi ndi kuno, chisankho cha South Africa cha 1948 chikuonetsa kulemera kwa nkhaniyi. Pakati pa anthu ochepa omwe ankaloledwa kuvota, ambiri mwa iwo azungu, chipani cha United Party cha Jan Smuts chinapeza mavoti ochuluka kuposa National Party ya D. F. Malan. Koma malamulo ankalola kuti madera akumidzi akhale ndi ovota ochepa kuposa a m'tauni, ndipo kumidziko n'komwe National Party inali ndi mphamvu, pomwe mavoti a Smuts anaunjikana m'mizinda. Malan anapeza mipando 70, Smuts 65, ndipo boma lomwe linakhazikitsa tsankho la apartheid ngati lamulo linalowa motero.

Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Kusiyana kwa chiwerengero kumayezeka: mumangowerenga anthu n'kugawa. Koma chitsanzo cha Dzuwa ndi Mwezi chija chaonetsa kuti madera akhoza kukhala ofanana ndendende kukula kwake, chinyengo chilipobe.

Pamene mzere utsata khungu

Ku America mawuwa sangalekanitsidwe ndi mbiri ya tsankho. Mu 1957 nyumba ya malamulo ya Alabama inasintha malire a tauni ya Tuskegee, yomwe inali ya mbali zinayi, n'kukhala ya mbali 28. Mwa anthu akuda pafupifupi 400 omwe anali ovota m'tauniyo, onse anapezeka ali kunja kwa malire kupatula anayi kapena asanu, pomwe mzungu sanatulutsidwe ndi mmodzi yemwe. Charles Gomillion, mphunzitsi wa pa Tuskegee Institute, anatsogolera mlandu, ndipo mu 1960 khoti lalikulu linati zimenezi n'zosemphana ndi malamulo a dziko. Mu 1965 kunabwera lamulo la Voting Rights Act, lomwe pambuyo pake linagwiritsidwa ntchito poletsa kumwaza mavoti a anthu akuda ndi magulu ena ochepa.

Apa nkhani inapota. Kuti anthu akuda omwe amakhala momwazikana athe kusankha phungu wa kumtima kwawo, nthawi zina pankafunika kujambula dera lokhota kwambiri lowasonkhanitsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, North Carolina inapanga dera la nambala 12 lotalika makilomita oposa 250, lotsata msewu waukulu wa I-85, malo ena lopyapyala ngati msewu womwewo. Ovota ena azungu anakasuma, ndipo pa mlandu wa Shaw v. Reno mu 1993 khoti linati dera lojambulidwa motsata khungu mpaka kufika pamenepo liyenera kuunikidwa mozama ngakhale cholinga chake chikhale chothandiza. Ku Chicago kunali dera la nambala 4 la Illinois, lomwe kwa zaka zambiri linali zigawo ziwiri zolumikizidwa ndi kamzere kakang'ono, lopangidwa kuti anthu ochokera ku Puerto Rico a kumpoto ndi ochokera ku Mexico a kumwera akhale ndi phungu mmodzi.

Ena amati madera oterewa ndi chilungamo chochedwa kwa anthu omwe anatsekeredwa kunja kwa zaka zambiri. Ena amati boma siliyenera kusanja nzika zake potengera khungu pa chifukwa chilichonse. Palinso ena omwe amati kusonkhanitsa anthu akuda m'dera limodzi ndi kuunjika komwe kuja, komwe kumafooketsa mawu awo m'madera oyandikana nawo. Mu 2023, pa mlandu wa Allen v. Milligan, khoti linagwirizana ndi odandaula a ku Alabama, komwe anthu akuda ndi oposa gawo limodzi mwa magawo anayi koma anali ochuluka m'dera limodzi lokha mwa asanu ndi awiri. Chomwe tingatolepo ife ofuna kumvetsa mawuwa n'chakuti maonekedwe okha si umboni. Dera lokhota likhoza kukhala ndi chifukwa chomveka, dera lowongoka likhoza kubisa chiwembu.

Zipani zonse ziwiri, ndi khoti lomwe linabwerera m'mbuyo

Nyumba ya House of Representatives, nyumba ya aphungu ya dziko lonse ku Washington, ili ndi mipando 435, yomwe imagawidwa ku zigawo potengera kalembera wochitika zaka 10 zilizonse. M'zigawo zambiri, odula malire ndi aphungu a nyumba ya malamulo ya chigawocho, kutanthauza chipani chomwe chili ndi mphamvu panthawiyo. N'chifukwa chake mawuwa amamveka kwambiri ku America kuposa kwina kulikonse.

Palibe chipani chomwe manja ake ndi oyera. Ku Wisconsin mu 2012, pa mapu ojambulidwa ndi a Republican, chipanicho chinapeza mavoti osakwana theka koma chinatenga mipando 60 mwa 99 ya nyumba ya chigawocho. Ku North Carolina mu 2016, phungu wa Republican yemwe ankatsogolera ntchitoyi, David Lewis, ananena poyera kuti akufuna mapu opatsa chipani chake mipando 10 mwa 13 chifukwa sankakhulupirira kuti n'zotheka kujambula a mipando 11. Ku Maryland a Democratic anasuntha anthu masauzande ambiri kulowa ndi kutuluka m'dera la nambala 6 kuti alilande, n'kukhala ndi mipando 7 mwa 8, ndipo yemwe anali gavanala, Martin O'Malley, anavomereza pambuyo pake kuti chimenecho chinali cholinga.

Milandu ya North Carolina ndi Maryland inafika limodzi ku khoti lalikulu, ndipo mu Juni 2019, pa chigamulo cha Rucho v. Common Cause, oweruza asanu mwa asanu ndi anayi anati makhoti a dziko lonse alibe mphamvu yoweruza nkhani zokondera chipani podula malire. John Roberts, polemba m'malo mwa ochulukawo, sananene kuti mchitidwewu ndi wabwino. Mfundo yake inali yoti malamulo oyendetsera dziko sapereka muyeso woti woweruza adziwire pomwe kukondera kwafika popyola. Elena Kagan, polemba m'malo mwa anayi otsutsa, anati muyeso ulipo: yerekezani mapu omwe akudandaulidwawo ndi mapu masauzande ojambulidwa ndi kompyuta mosaganizira chipani, muone ngati ali kutali ndi onsewo.

Kuchokera pamenepo nkhondoyi inasamukira ku makhoti a zigawo ndi ku mavoti a anthu. Zigawo zina zinali zitalanda kale cholembera m'manja mwa aphungu: Arizona inakhazikitsa komiti yoima payokha mu 2000, California inatsatira, Michigan mu 2018. Koma zomwe zinachitika ku California mu 2025, pomwe ovota anavomera kuika pambali mapu a komiti yawo kwa kanthawi pofuna kuyankha Texas, zaonetsa kuti n'kovuta kuti chigawo chimodzi chisunge mwambo pomwe chinzake chautaya.

Mawu atawoloka nyanja

Mawuwa anabereka ana m'maiko ena olankhula Chingerezi. Ku Ireland mu 1974 nduna James Tully inakonza madera m'njira yomwe ankayembekezera kuti ithandiza boma la mgwirizano lomwe iye analimo, anthu n'kuitcha Tullymander. Pa chisankho cha 1977 mavoti anapendekera kwa otsutsa a Fianna Fáil, ndipo mapu omwewo anawathandiza kupeza mipando 84 mwa 148. Pambuyo pake ntchitoyi inaperekedwa kwa komiti yoima payokha. Ku South Australia kunali Playmander, kuchokera ku dzina la Thomas Playford, yemwe anali mtsogoleri wa boma la chigawocho, ngakhale kwenikweni kumeneko vuto linali la madera akumidzi okhala ndi anthu ochepa. Ku Northern Ireland, mzinda wa Derry unali ndi Akatolika ochuluka, koma ambiri anaunjikidwa m'wodi imodzi yosankha makhansala 8 pomwe mawodi ena awiri, momwe Apulotesitanti anali ochuluka, ankasankha 12, ndipo dandaulo limeneli linali limodzi mwa zomwe zinatulutsa anthu m'misewu kumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Ku Malawi mawuwa amatikhudza chifukwa nafenso timasankha phungu mmodzi pa dera limodzi, wopeza mavoti ambiri n'kutenga zonse. Madera anali 177 mu 1994, anafika 193 mu 1999, ndipo pa chisankho cha 16 Seputembala 2025 anali 229. Kusiyana kwake ndi America n'kwakuti cholembera chili ndi bungwe loyendetsa zisankho la MEC. Gawo 76 la malamulo oyendetsera dziko limati madera akhale ndi ovota ofanana chiwerengero momwe zingathekere, poganiziranso kuthithikana kwa anthu, mayendedwe, mapiri ndi mitsinje, komanso malire a maboma omwe alipo kale. Nyumba ya Malamulo imavomereza malirewo koma siingawasinthe payokha popanda bungwelo. Voti ya pulezidenti siikhudzidwa, poti dziko lonse limawerengedwa pamodzi. Ku South Africa kuyambira 1994 mipando ya nyumba ya malamulo imagawidwa molingana ndi mavoti omwe chipani chapeza, choncho palibe mzere wa dera la phungu woti n'kukhotetsa.

Mafunso omwe sanayankhidwebe

Funso loyamba ndi lomwe linagawanitsa oweruza mu 2019: mapu achilungamo ndi otani? Ena amati ndi omwe amapatsa chipani mipando molingana ndi mavoti ake. Ena amati ndi omwe madera ake ndi obulungira bwino osatambalala. Ena amafuna madera a mpikisano weniweni, komwe aliyense angapambane, pomwe ena amafuna kuti anthu a chikhalidwe chimodzi, chilankhulo chimodzi kapena msika umodzi asagawidwe pakati. Zofuna zimenezi zimawombana. Mukasunga anthu amtundu umodzi pamodzi, mpikisano umachepa. Mukafuna mpikisano, muyenera kuwagawa.

Lachiwiri ndi la momwe tingadziwire cholinga cha munthu. Zotsatira zopendekeka pazokha sizitsimikizira kuti panali chiwembu. Massachusetts yemweyo, kwawo kwa mawuwa, ali ndi mipando 9 ku Washington ndipo yonse ili ndi a Democratic. Wa Republican sanakhalepo kuyambira 1997, chonsecho chipanicho chimapeza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mavoti. Akatswiri a masamu omwe anaunika nkhaniyi anapeza kuti chifukwa chachikulu n'chakuti a Republican kumeneko amakhala momwazikana m'chigawo chonse, moti n'kovuta kuwajambulira dera lomwe angakhale ochuluka. M'zigawo zina a Democratic amadziunjika okha m'mizinda ikuluikulu popanda wowakankha. Kodi pamenepa tinene kuti ndi gerrymandering, pomwe palibe Gerry?

Palinso funso la amene ayenera kugwira cholembera. Komiti yoima payokha imasankhidwa ndi anthu, ndipo anthuwo ali ndi mbali yawo. Kompyuta imatsatira malangizo omwe munthu waipatsa, ndiye mkangano umangosamukira pa malangizowo. Ku Britain makomiti a malire amalamulidwa kuti dera lisasiyane ndi muyeso wa dziko lonse kupyola 5 peresenti, kupatula zilumba zingapo, komabe zipani zimakanganabe ngati kuwerengako kutsate ovota olembetsa okha kapena anthu onse okhala m'deralo, chifukwa yankho lake limasuntha mipando pakati pa mizinda ndi midzi.

Ndipo ku America komweko kwatseguka funso la nthawi. Mwambo unali woti malire adulidwe kamodzi pakatha kalembera aliyense. Texas inauswa mu 2003, n'kudzauswanso mu 2025, zigawo zina za mbali zonse ziwiri n'kuyamba kutsatira. Malamulo a dziko lonse saletsa zimenezi, ndipo Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, yomwe ili ndi mphamvu yoika lamulo limodzi lomanga zigawo zonse, sinagwirizanepo ngati iletse kapena ayi.